Mabokosi Awiri pa Maliro a Apongozi Anga

Tiwonge, tsitsa wailesiyo. Wongani, foniyo iike pansi, siithawa. Mwandifunsa chifukwa chake mayi uja wa pamsika dzulo anakana moni wa agogo anu aakazi, n'kunong'oneza mnzake kuti, "Awa ndi aja a mabokosi awiri." Agogo anuwo sangakuuzeni. Mukawafunsa angokutumani kukathirira mpiru. Ndikuuzani ine, poti ndinalipo, ndipo ntchito yanga moyo wonse inali yoona zinthu n'kuzilemba mmene zachitikira.

Kuno ku Mzuzu ndinabwera ngati mtolankhani, kuchokera kwathu ku Dedza. Ndinkayesa kuzizira ndikukudziwa. Basi inkanyamuka ku Lilongwe m'mamawa n'kufika kuno dzuwa litapendeka, itaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Katundu wanga anali sutikesi yamalata, bulangete limodzi ndi taipilaita. Inu simunaionepo. Ndi makina olembera osafuna magetsi, koma ukalakwitsa chilembo umayambiranso pepala lonse. Nkhani ndikalemba ndinkaiika mu envelopu n'kupatsira dalaivala wa basi. Ikakhala yachangu ndinkaiwerenga pa telefoni ya ku positi, mokuwa, anthu a pamzere akumva lero nkhani ya mawa. Ena ankandikonza pomwepo: "Yayi adada, sanagwere mumtsinje, anagwera m'ngalande." Inu lero mumangotosa chala, bodza lafika kale ku Karonga.

Nthawi imeneyo mzinda uno unali m'kati mwa mitengo. Ukaima ku Kaning'ina sunkaona nyumba kutsidya, unkangoona mdima wa nkhalango. Mvula ikayamba amayi ankatsika ndi malichero a bowa, kenako masuku, kenako uchi wa m'mabotolo. Masuku tinkadya mpaka mano kuyayamira. Wongani amati masuku ndi chakudya cha anyani. Chabwino, anyaniwo analera agogo ako.

Agogo anu, NyaSoko, ndinawapeza akuphunzitsa pasukulu ina ku Ching'ambo. Ndinalemba nkhani yoti mphepo yasasula denga la makalasi awo, iwo n'kubwera ku ofesi kudzandiuza kuti denga silinasasuke ndi mphepo, linasasuka chifukwa amene anakhoma anaba misomali. Ndinapita kukaona, ndinapeza zoona. Chaka chisanathe ndinali nditakhala pamphasa pamaso pa bambo awo, akundiwerengera ng'ombe za malobolo, ine Mchewa woti kwathu timangopereka nkhuku. Ndinalira mumtima, koma ndinapereka. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Zipani zambiri zitabwera, amayi a kumpingo ndi a mumsika ndiwo anakakamiza agogo anu kuti aime pa uphungu. Kampeni yawo inali ya pikapu yobwereka ndi chimkuzamawu cha mabatire chimene chinkazima pakati pa chiganizo. Anapambana, nthawi yotsatira anapambananso. Ku Nyumba ya Malamulo sanali mwa aja omenya matebulo. Ankakhala phee, akuwerenga mapepala amene anzawo ankapepesera nawo kutentha, ndipo akaimirira nduna zinkayamba kufunafuna magalasi. Ine abwana anga anandichotsa pa nkhani za ndale, akuti mwamuna wa phungu sangalembe za aphungu. Anandiponya ku mpira. Zaka zonsezo ndinkalemba za zigoli, ine woti ofusayidi sindinaimvetse mpaka lero.

Tsopano mumve za matabwa, chifukwa nkhani yagona pamenepo. M'nkhalango za kuno kumpoto munalowa gulu. Sanali anthu wamba odula mtengo umodzi wa denga la nyumba, ayi. Linali gulu la dongosolo lake. Pansi panali ocheka, ogona m'misasa, olipidwa zochepa. Pamwamba pawo panali anyamata a zikwanje, olondera njira. Kenako madalaivala. Lole inkapakiridwa mlombwa ndi mbawa pansi, mitengo yoletsedwa kudula popanda chilolezo, pamwamba n'kuyalapo paini wokhala ndi mapepala ake abwinobwino. Pa zipata za m'misewu malole amenewo ankadutsa ngati ambulansi. M'maofesi ena munali anthu odziwa nthawi yoyang'ana kumbali.

Pamwamba pa onsewo panali munthu mmodzi amene dzina lake lenileni sitinkalitchula. Mzinda wonse unkangoti Sibweni, ndiye kuti malume m'Chitumbuka. Pamaso pa boma anali ndi shedi yogulitsira paini ndi kampani yaing'ono yokhoma mabokosi a maliro. Koma mphamvu yake inali pamaliro. Munthu akamwalira ku Chibanja kuno kapena ku Ching'ambo, misozi isanaume lole ya Sibweni yafika ndi nkhuni, mwina ndi bokosi, ndipo mawa lake inyamula anthu kupita kumanda. Sankafunsa chipani kapena mpingo. Ndinene chilungamo, amasiye ambiri anawathandiza. Ndiye munthu woti anakuikira mayi ako, ungakamunenere kuti? Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Zinafika poipa pamene mlonda wina wa nkhalango anapezeka m'mbali mwa njira atathyoledwa miyendo yonse. Anali ataimitsa lole. Kunali masana, anthu akuchokera kumunda, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona. Nkhaniyo itafika ku Lilongwe, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo wapampando anasankha agogo anu. Ena anawasankha powakhulupirira. Ena anawasankha kuti akapse.

Komiti yotere ili ndi mphamvu yoitana munthu aliyense, kumulumbiritsa, n'kumufunsa pagulu. Inabwera kudzakhala kuno, mu holo ina m'tauni. Ine ndinkakhala kumbuyo ngati munthu wamba. Anthu ankadzaza mpaka m'mawindo, koma mboni zikafika kutsogolo zinkasanduka ana a sukulu osawerenga. "Sindikudziwa, amama." "Ndinali ku Rumphi, amama." Dalaivala wina anati sankayang'ana zimene ampakirira, poti khosi linkamupweteka.

Sibweni anabwera atavala suti yotuwa, Baibulo lake m'manja, akupereka moni mzere ndi mzere.

"Adada, kodi mumagula kapena kugulitsa mlombwa?" anafunsa agogo anu.

"Amama wapampando, ine ndine wa paini. Mlombwa ndimangouona pa mipando ya m'tchalitchi. M'shedi mwanga simunalowepo ngakhale kathabwa kamodzi."

Anthu anaseka.

"Mwalumbira, adada."

"Ndalumbira, amama. Yewo chomene."

Komiti inaimitsa zokambirana kuti idzakumanenso pakapita masabata angapo. Aphungu ena a m'komitimo anali atayamba kale kunena kuti palibe umboni, tingotseka. Wachiwiri kwa agogo anu ndiye ankanena mokweza, ndipo aliyense ankadziwa kumene ankamwera tiyi. Lamulo lake linali lakuti wa m'komiti akalandira mphatso kwa munthu amene akufufuzidwa, atule pansi udindo. Agogo anu akanachoka, mpando ukanapita kwa wachiwiriyo, kafukufuku n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake masiku amenewo pakhomo pano sitinkalandira ngakhale nthochi kwa munthu wosamudziwa.

M'kati mwa masabata amenewo, bambo awo a agogo anu anamwalira. Anali okalamba, anapita mwamtendere. Inali nyengo ija ya kamvula kosatha, kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa m'mafupa. Maliro anali kwawo ku Ching'ambo.

Apa mumvetse mwambo, inu ana a m'tauni amene pamaliro mumakhala m'galimoto. Chipepeso chilichonse chimalengezedwa pagulu, dzina la wopereka ndi chimene wapereka. Ndipo chipepeso sichikanidwa. Ngakhale chichokere kwa munthu amene munalandana naye munda, mumalandira, za mundazo mudzakamba maliro akatha. Komanso kuno mwana wamkazi wokwatiwa salamula pamaliro a bambo ake. Amakhala m'nyumba ndi amayi anzake, zonse amakonza ndi amuna a pabanjapo. Pa ife wamkulu anali mlongo wawo wa agogo anu, alamu anga a Yotamu. Ine ngati mkamwini mbali yanga inali bokosi. Ndinakagula la paini, lopakidwa vanishi, losachititsa manyazi, n'kuliika pakhonde.

M'mawa wa tsiku loika, anthu atadzaza bwalo mpaka kumsewu, tinamva lole ikubwerera chambuyo. Inatsitsa nkhuni ndi matumba a chimanga. Kenako anyamata anatsitsa bokosi. Ana inu, ndaona mabokosi ambiri, koma lotere ayi. Lofiirira, lonyezimira ngati lanyowa, zogwirira zake zagolide. Munthu wa Sibweni ananong'oneza mkulu wolengeza, mkuluyo n'kukweza chimkuzamawu.

"Sibweni wathu wapepesa ndi nkhuni, chimanga, ndi bokosi. Akuti tinene bwinobwino kuti si la paini ayi. Ndi mlombwa weniweni, wosankhidwa m'shedi mwawo, kuti bambo a Onarebo agone ngati munthu wamkulu."

Anthu anang'ung'udza mokhutira. Anyamata aja analiika pakhonde, pambali pa langa. Langa linaoneka ngati bokosi la tomato.

A Yotamu anali atavomera kale dzulo lake. Sindiwanena. Anali munthu wosoka nsapato, wokonda bambo ake, ndipo panabwera munthu kudzawauza kuti bambowo aikidwa ngati mfumu. Ifeyo amuna tinapita kuseri kwa nyumba kukapangana za ndondomeko. Tili pomwepo, agogo anu anatulukira, opanda nsapato, chitenje m'chiuno, maso otupa. Amuna onse anayang'ana pansi, poti malo amenewo sanali awo.

"Adumbu," anatero, ndiko kuitana mlongo kuno, "adada salowa m'bokosi limenelo."

"Ketrina, bwerera m'nyumba," anatero a Yotamu.

"Ndibwerera. Koma salowamo."

"Kuno si ku Lilongwe. Kuno ulibe mpando. Chipepeso chinakanidwapo liti?"

"Chimenecho si chipepeso. Adada sanayambe kudwala dzulo, munthu ameneyu anabwerapo kudzawaona? Ngati akupepesa, n'chifukwa chiyani walengezetsa mtengo wake? Adada akangolowamo, mawa ine ndatula pansi udindo, ndipo tikawakwirira, takwirira zonse."

"Ndiye bambo ako achite manyazi chifukwa cha ntchito yako?"

"Manyazi ake ati? Mkamwini wawo wagula bokosi. Kapena la mkamwini ndiye limakanidwa?"

Pamenepo madoda anayang'anana. Mkulu wina wa mpingo anakanda kumutu n'kunena kuti zoona, bokosi la mkamwini silibwezedwa, ndipo ndi limene linayamba kufika. Wina anati koma la Sibweni lalengezedwa kale. Anakangana chapansipansi, kwaya ikubwereza nyimbo imodzimodzi kutsogolo. Ine anandifunsa maganizo. Ndinangoti langa ndagula ndi mtima wonse, ndipo sindilinyamula kubwerera nalo. A Yotamu anandiyang'ana. Mapeto ake madoda anagamula kuti malemu alowe m'bokosi la paini. Nkhuni ndi chimanga agogo anu anapempha kuti zibwerere pa lole, ndipo zinabwerera.

Vuto linatsala ndi bokosi linalo. Maliro amodzi, mabokosi awiri. Anthu anayamba kunong'ona kuti linalo likudikira ndani. Pakhomo pa a Yotamu silikanatsala, chifukwa bokosi lopanda munthu amati limaitana. Kulibweza kwa mwini wake ndiye kumulodza poyera. Dalaivala wa lole anakanitsitsa.

"Ine anandituma kubweretsa, amama. Ndikalowa nalo pageti pa bwana ndiye kuti ndawauza chiyani?"

"Ikani m'pikapu yathu," anatero agogo anu.

Choncho apongozi anga anapita kumanda pa galimoto ya mpingo, anthu ambiri akuyenda pansi m'matope poti lole ija inali itapita. Bokosi la mlombwa linabwera kuno ku Chibanja, m'galaja momwe muja mukusungiramo njinga zanu. Wongani, usasunthe, linachoka kalekale. Madzulo omwewo agogo anu anaimbira foni a Sipikala kuwauza zonse, kuti asadzamve kwa ena.

Masabata amene linakhala muno sindidzawaiwala. Mayi amene ankatithandiza ntchito anatsanzika. Amayi ako, Tiwonge, anali ku sekondale, anasamukira kwa anzawo n'kunena kuti abwera likachoka. Oyandikana nawo nyumba analeka kudzapempha moto, ana awo ankadutsa pageti pathu mothamanga. Ine ndemwe, wosakhulupirira zoterezi, ndikamatsokomola ndinkadzifunsa. Agogo anu ankalipukuta fumbi Loweruka lililonse, akuti ndi katundu wa mwini.

Tsiku limene komiti inakumananso, bokosilo linalowa mu holo. Antchito a komiti anakana kuligwira. Tinanyamula ine ndi alonda a nkhalango, anzake a uja anathyoledwa miyendo. Mabenchi akutsogolo anakhala opanda anthu nthawi yomweyo. Loya wa Sibweni anaimirira kunena kuti izi n'zosayenera, agogo anu n'kumuuza kuti a Sipikala akudziwa, akhale pansi.

"Adada, bokosi ili mukulidziwa?"

Sibweni analiyang'ana. Kukana sakanatha. Theka la anthu a mu holomo linali pamaliro paja, ndipo linamva ndi makutu awo. Umboni umene aliyense ankaopa kupereka payekha, Sibweni anali ataupereka yekha pa chimkuzamawu chija.

"Amama, chipepeso sichipita kukhoti."

"Kuno si kukhoti, ndi kukomiti. Ndipo ndathokoza chifukwa cha mtima wanu. Ndi mtengo wanji?"

"Ndi mlombwa."

"Wochokera m'shedi muja simunalowepo kathabwa kamodzi?"

"Matabwawo ndinachita kugula kwa anthu."

"Anthu ake ndani?"

Anayang'ana loya wake, loyayo akuyang'ana kudenga. Kenako anatchula dzina la kapitawo wina wa ocheka. Kumeneko ndiko kulakwitsa kwake. Gulu lija linkagwirana chifukwa aliyense ankadziwa kuti Sibweni sataya munthu wake. Kapitawoyo atamva kuti watayidwa, anabwera yekha mawa lake, osaitanidwa, n'kutchula madalaivala. Madalaivala makosi anawapola, anatchula a m'maofesi. Zinayenda ngati juzi ikayamba kusomboka.

Zotsatira zake ndikuuzani mmene zinalili, osakometsera. Lipoti linaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo ndipo linalandiridwa. Zilolezo zina zinalandidwa, malole ena anagwidwa, anthu ena a m'maofesi anachotsedwa ntchito. Amene anamenya mlonda uja anamangidwa. Sibweni mlandu wake unayenda pang'onopang'ono, analipira chindapusa, shedi inatsekedwa, koma m'ndende sanagonemo. Mitengo imene inapita inapita. Mlombwa sukula m'moyo wa munthu mmodzi. Bokosilo linatengedwa ngati umboni, mwina lilipobe m'chipinda china cha boma, mbewa zikuswaniranamo.

Chisankho chitafika, opikisana nawo sanakambe za nkhalango. Ankangofunsa anthu kuti, "Mayi woti anakana bokosi la bambo ake, inu adzakumverani chisoni?" Ndipo panali china chimene ine sindingachitsutse. Lole ija inali italeka kubwera pamaliro. Amasiye ankasonkha okha za nkhuni, anthu ankayenda pansi kupita kumanda, ndipo pa maliro alionse dzina la agogo anu linkatchulidwa. Mayi mwamuona dzulo uja mwina anaika mwamuna wake nthawi imeneyo. Musamude. Agogo anu anayesa kufotokoza pamisonkhano kuti nkhuni zija zinali za m'nkhalango yawo yomwe, koma munthu amene ali ndi maliro m'nyumba safuna masamu. Anagonja, ndipo anagonja kwambiri. Ku ndale sanabwererenso.

A Yotamu chiikireni maliro anali asanapondepo pakhomo pano. Tikakumana kutchalitchi ankapereka moni wa chipewa basi. Patapita masabata angapo chisankho chitachitika, masana ena agogo anu ali pakhonde apo akusankha nyemba, tinaona munthu akutsegula geti. Anali iwo. Ndinawapatsa mpando. Anakhala, chipewa pabondo, akuyang'ana nyembazo.

"Ketrina, ine sindinakuvotere."

"Ndikudziwa, adumbu."

"Ndinauzanso ena kuti asakuvotere."

"Zimenezonso ndinamva."

 Agogo anu anapitiriza kutaya timiyala pansi. Ine ndinkafuna kulowa m'nyumba, koma miyendo ya mtolankhani inakana.

"Adada akumandibwerera kutulo," anatero a Yotamu.

Dzanja la agogo anu linaima m'lichero. Kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhani yonseyi ndinaona akuopa.

"Akuti bwanji?"

"Ndakhala ndikudikira kuti atchule za bokosi. Sakutchula. Akungofunsa kuti njinga yawo anatenga ndani."

Agogo anu anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kukankhira lichero pakati pa awiriwo.

"Njinga ili kwa inu, adumbu. Muwauze zoona. Sankhani mbali iyo, maso anga atopa."